Buluku la Mayi Holroyd

Mayi Glenda Holroyd anayamba ntchito yoveka apolisi ali ndi zaka makumi awiri, fakitale ya nsalu imene ankagwirako kwawo ku Halifax itangotsekedwa. Sanagwirepo wakuba ngakhale mmodzi, koma kwa zaka makumi atatu ndi zisanu panalibe wapolisi wa m'chigawo chawo amene anayamba ntchito osadutsa m'manja mwawo. Munthu akangolowa pakhomo ankamuyang'ana kamodzi n'kutchula saizi yake. Tepi yoyezera inkangolendewera m'khosi.

"Wanenepa iwe," ankatero ngakhale kwa akuluakulu apolisi, poti anawaveka akadali anyamata. "Usanamizire makina ochapira."

Chaka china boma linalamula kuti zigawo za apolisi zileke kugula zovala chilichonse pachokha. Pano malaya awoawo, apo zipewa zawozawo, ndalama zikungotayika. Tsopano kukhale yunifolomu imodzi yogulidwa pamodzi. Mayi Holroyd sanatsutse. Iwo anali atadandaulapo kale kuti wapolisi akasamukira chigawo choyandikana nacho amatayitsidwa jekete yabwinobwino chifukwa cha mabatani chabe.

Koma zitsanzo zitafika, anatambasula buluku la akazi patebulo, n'kulitembenuza. Linali la amuna lomwe lija, longochepetsedwa.

Patapita milungu iwiri kunabwera Bambo Pennington ochokera ku London, amene boma linawatuma kuyendera zigawo kuti aone ngati lamulolo likutsatidwa. Anali munthu waulemu, wooneka wotopa ndi maulendo. Mayi Holroyd anawapatsa tiyi, kenako anaitana Sajeni Nasreen Akhtar, amene anali atamuveka kale yunifolomu yatsopanoyo, n'kuponya cholembera pansi.

"Tanditolera, mwanawe."

Sajeni anayamba kuwerama, n'kuima panjira. Chovala choteteza pachifuwa chinamukwera mpaka pachibwano, lamba akumudya m'chiuno, msoko wa buluku ukulira.

"Ndikapitirira apa, mayi, abwanawa aona zimene sanabwerere," anatero Nasreen.

Bambo Pennington anatsamwa ndi tiyi. "Komatu anatiuza kuti zinayesedwa."

"Anayesera pa ndani?" anafunsa Mayi Holroyd. "Mtsikana uyu amakhala m'zovala zimenezi maola khumi, kukwera zitunda, kudumpha mipanda. Anzake ena amasala madzi tsiku lonse chifukwa kuvula zonsezi kuchimbudzi ndi nkhondo. Inuyo sangakuuzeni. Amauza ine, kuseri kwa katani iyo."

"Kusintha kukweza mtengo, mayi, pamene ife tatumidwa kuti tiutsitse."

"Chovala chosakwana chimabwezedwa, bambo. Mudzagula kawiri."

Bamboyo analemba kanthu m'kabuku kawo n'kunyamuka. Mayi Holroyd anangoti basi, zathera pomwepo. Koma mwezi usanathe kalata inafika yowaitana ku London kuti akalankhule pamaso pa komiti yoona za yunifolomuyo.

Anachita mantha. Sanalankhulepo pagulu chiyambire, kupatula pamaliro a mayi awo. Ndiye anachita chimene ankachidziwa: anasomola mabuluku atatu, n'kuwadulanso, n'kuwasoka pamakina awo akale kunyumba. Anawonjezera nsalu pakati, anakweza kumbuyo, anamasula pamawondo. Amuna awo, a Derek, anawaperekeza kusiteshoni atanyamula chikwama cha mabulukuwo.

"Akakakuvuta, ukawauze kuti anenepa," anatero a Derek.

M'chipinda cha komitiyo munali anthu khumi ndi awiri, akazi awiri okha. Mayi Holroyd anaiwala zonse zimene anakonzekera kunena, ndipo anangotulutsa mabulukuwo n'kuyamba kuwapatsa m'manja mmodzimmodzi kuti agwire msoko. Mkulu wa apolisi wa chigawo china chakumwera, mayi wa imvi, anagwira buluku limodzi nthawi yaitali.

"Ine ndavala lolakwika zaka makumi atatu," anatero mkuluyo. "Ndinkayesa kuti wolakwika ndine."

Sikuti zonse zinatheka. Thumba lapantchafu limene Mayi Holroyd ankalifuna analikana. Chovala chapachifuwa chinatenga zaka zina ziwiri chisanakonzedwe. Koma kadulidwe ka buluku kanavomerezedwa monga anakasokera iwo, ndipo kanalowa m'malamulo a zigawo zonse.

Lamulo lija logulira zovala pamodzi ndi limene linawathetsera ntchito. Zovala zinayamba kuchokera kunkhokwe imodzi yaikulu, wapolisi n'kumangoitanitsa pakompyuta, ndipo chipinda chawo chovekeramo apolisi chinasanduka mosungira njinga. Anapuma ntchito osadandaula kwambiri, ngakhale kwa miyezi ingapo Nasreen ndi anzake ankabwerabe kunyumba kudzapindidwira miyendo ya mabuluku.

Tsiku lina masana Mayi Holroyd akuonera nkhani pakanema, anaonetsa wapolisi wamkazi wa ku Cornwall, kutali kumene Mayi Holroyd sanapondeko, akuthamangitsa munthu. Anadumpha khoma lofika m'chiuno osachepetsa liwiro. Mayi Holroyd anasendera kutsogolo pampando, magalasi ali pamphuno.

"Wamugwira wakubayo?" anafunsa a Derek ali kukhitchini.

"Sindinaone," anayankha. "Ndimayang'ana pabondo."