Chaka Chimene Mervis Anapinda Manja

Ku Mbungo, pachilumba cha Likoma, mukafunsa kuti mayi Mervis ndi ati, anthu amayamba aseka kaye asanakulozereni nyumba. Ndi mayi wamfupi, wa mawu okwera, woyenda ngati wasiya ndiwo pamoto. Sukulu analekezera fomu 2, bambo ake atamwalira ku Harare kumene ankaphika m'hotela, koma Chingerezi chimene anatola m'kalasi anachisunga bwino, ndipo sachita nacho manyazi ngakhale chituluke chokhota. Anakwatiwa ndi Samson, mmisiri wokhoma maboti, ndipo ana awo onse anawoloka nyanja kukafuna ntchito ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pakhomo panatsala awiriwo, mbuzi, ndi munda wa chinangwa umene Mervis ankaulima yekha chifukwa ankati amuna ake amapinda mizere.

Chimene ankatchuka nacho kwenikweni ndi kusamala mwamuna. Ena amati ankachita kunyanya, ndipo ine ndili mbali yawo. Samson anafika zaka makumi asanu osadziwa pamene sopo amakhala m'nyumba mwake momwe. Madzi osamba ankawapeza ali kale kubafa, malaya ali pampando, nsomba itachotsedwa minga. Akazi anzake akamuseka, Mervis ankangokweza mapewa. Ankati manja anapatsidwa kuti azigwira ntchito, ndipo mwamuna ndi wake.

M'chaka cha 2007, nyengo ya mwera, Samson anagwa akupala thabwa. Anamunyamula kupita naye kuchipatala, ndipo kumeneko anati ndi sitiroko. Moyo unatsala, koma mbali yonse ya kumanja inafooka ndipo lilime linalemera. Powatulutsa, adokotala anamuuza Mervis kuti asamangomugoneka, azimulimbitsa thupi. Mervis anavomera ndi mutu, koma m'makutu mwake munali mutadzaza nkhawa, ndipo pofika kunyumba mawuwo anali atatsalira m'njira.

Ndiye anadwazika. Pachilumba pano kudwazika ndi ntchito imene mkazi amayezedwa nayo, ndipo Mervis sanafune kuti wina amupose. Ankamudyetsa ndi supuni, kumusambitsa, kumutembenuza, kumupukuta dovu, kutulutsa ndowa anthu asanadzuke. Samson akangoyang'ana kapu, kapuyo inali itafika kale pamlomo. Odzazonda matenda ankatuluka akugwedeza mitu ndi kuyamikira, ndipo kunena zoona Mervis ankamva kukoma. Koma miyezi inkapita. Zala za Samson zinayamba kufumbata zokha, mwendo unkauma, ndipo bambo amene kale ankakangana ndi wailesi tsopano ankangoyang'ana khoma. Mervis ankaziona zonsezi, ndipo ankachita mantha kuti mwamuna wake sadzaimanso.

Tsiku lina atapita ku Chipyela kukatenga mankhwala, anakumana ndi a Constance, amene anamuphunzitsa sitandade 6. Iwo atapuma ntchito ankayang'anira kalaibulale kamene aphunzitsi opuma anzawo anatsegula kuseri kwa msika. Kanali kachipinda kamodzi, ka mashelefu opindika ndi mabuku onunkha chinyontho. Chaka chimenecho abwenzi ena akunja anali atatumiza kompyuta pamodzi ndi kabokosi kakuda, ndipo a Constance ankakanyadira kabokosiko koposa zidzukulu zawo.

“Muli mabuku ochuluka kuposa a m'mashelefu onsewa,” anatero a Constance. “A zaulimi, a zaumoyo, a mainjini. Umangolemba mawu amene ukufuna, iko n'kukufunira.”

“Nanga nikafuna kubwereka, aphunzitsi?”

“Ubwereka. Uwerenga pagalasipa, kapena nikusindikizira masamba. Buku lenilenilo litsala momwemo, wina akabwera alipezanso.”

“Kubwereka kwanji kumeneko, kopanda kubweza?” anafunsa Mervis, koma anali atakhala kale pampando.

Analemba dzina la matendawo m'Chingerezi ndi chala chimodzi, akudinda mabatani mwamphamvu mpaka a Constance anamupempha kuti awamvere chisoni. Zimene zinatuluka zinamukwiyitsa. Panadzaza mabuku a injini za maboti, ndi lina lophunzitsa kusambira, chifukwa m'Chingerezi mawu omwewo oti sitiroko amagwira ntchito konseko. Mervis anati za injini akanatha kufunsa ku doko, ndipo kusambira palibe Mngerezi angaphunzitse mwana wa ku Likoma. A Constance anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anamuonetsa nzeru yake, yoti usamapatse kabokosiko mawu amodzi okha, uziwonjezera ena oti akatsekere njira zosochera. Anawonjezera mawu otanthauza wodwala, ndi ena otanthauza kunyumba. Apo panatuluka buku lolembera anthu osamalira odwala m'midzi, la Chingerezi chosavuta, lodzaza zithunzi zojambula pamanja.

Mervis anawerenga mokweza, monga amachitira ndi chilichonse. Anadutsa masamba angapo akuvomereza ndi mutu, mpaka anafika pamene panamubaya. Bukulo linkati achibale ambiri, chifukwa cha chikondi, amamuchitira wodwala zonse, ndipo potero amamulanda mwayi wophunziranso kugwiritsa ntchito thupi lake. Linkati chimene wodwala angathe kuchita yekha, ngakhale mochedwa, ngakhale motayikira, musiyeni achite. Mervis anabwereza chiganizocho kuti mwina Chingerezi chamupusitsa. Sichinamupusitse.

“Amene analemba izi alibe mwamuna,” anatero. Anaimirira, namanga chitenje, n'kutuluka osatsanzika.

Anakwiya njira yonse ya ku Mbungo. Koma Mervis ndi munthu woti akakwiya mutu umagwirabe ntchito, ndipo asanafike pakhomo anali atakumbukira mawu a adokotala aja. M'mawa mwake anapempha mnansi kuti akhale ndi wodwala, iye n'kubwerera ku Chipyela. Anafika a Constance asanatsegule n'komwe.

Kuyambira pamenepo ankapita mmawa uliwonse umene wapeza womusiyira wodwala, chifukwa masana jenereta la pachilumba linkapuma ndipo kompyuta inkapuma nalo. Makina osindikizira ankasowa inki kawirikawiri, choncho masamba amene anatenga anali ochepa. Anakawaonetsa kwa adokotala, amene anati ndi zomwezo, namuchenjeza kuti phewa lofookalo asamalikoke. Zotsalazo anazinyamula m'manja mwake. Ankayang'ana chithunzi, n'kugwira mkono wa a Constance, kuuwongola, kutambasula zala chimodzichimodzi, mpaka manja ake ataloweza. Ana a sekondale odzawerenga ankapeza aphunzitsi awo akale atakhala pabenchi, mwendo uli m'malere, akulamulidwa kuti apinde bondo. Popeza buku losabwezedwa linkamuvutabe mumtima, ulendo uliwonse ankasiya patebulo kakapu ka usipa wouma kapena mapapaya, ndipo a Constance analeka kukana.

Zolimbitsa thupizo sizinali zovuta kwa Mervis, chifukwa zinkafuna manja. Chovuta chinali kupinda manjawo. Tsiku loyamba anaika phala patsogolo pa Samson, namupatsa supuni m'dzanja lamanzere, iye n'kukakhala pakhomo. Samson anamuyang'ana modabwa, kenako anayesa. Phala linathera pamalaya. Mervis anakhalira manja ake enieni, kuwapanikiza ndi ntchafu kuti asathamange okha. Anamanga nsungwi kuchokera pabedi mpaka pachitseko, ndipo mmawa uliwonse ankamuimiritsa kuti agwire nsungwiyo ndi kukoka mwendo. Batani la malaya ankamusiya alimbane nalo mpaka tiyi kuzizira.

Samson anadana nazo, ndipo sanabise. Anaponya supuni, anagubuduza kapu, ndipo tsiku lina analira misozi ya ukali, zimene Mervis anali asanazionepo chikwatirane. Kenako analeka kumulankhula. Akafuna kanthu ankaloza ndi chibwano. Zinamupweteka Mervis koopsa, ndipo nthawi zina ankathawira m'munda wa chinangwa kukalira kumene mbuzi zokha zingamuone. Komabe anaona kuti phala lotayika likuchepa, ndi kuti mwendo wayamba kumvera. Iye anati bola amude ataimirira kusiyana n'kuti amukonde ali chigonere.

Odzazonda anaona zina. Anaona bambo wodwala akuvutika kuvala, mkazi wake atakhala pambali akusenda chinangwa. Nkhani inayenda, ndipo poyendapo inanenepa. Pofika ku Khuyu inali yoti Mervis watopa ndi matenda, akumumana mwamuna chakudya, ndipo masiku ano amangokhalira kuonera kanema ku Chipyela. Ku Khuyu ndiko kumakhala a Nomsa, mlongo wake wamkulu wa Samson, amene anabadwira ku Bulawayo makolo awo ali kuntchito. Ndi mayi wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo Samson anamulera ndi iwo mayi awo atamwalira. Anabwera wapansi, napeza mlongo wawo ali thukuta kamukamu pansungwi paja.

“Alamu, ni chiyani chimenechi?” anafunsa a Nomsa. “Mundu wodwala mukumuyesa mbuzi yomangirira?”

Mervis anatulutsa masamba aja, koma a Nomsa sanawayang'ane n'komwe.

“Ine sinidwazika ndi mapepala. Ngati mwatopa, nenani, si mlandu. Loweruka nibwera ndi boti nizamutenge. Kwathu wandu alipo, sazagwira supuni yekha.”

Mervis anapinda masamba aja n'kuwabweza pamene anawatenga. Alamu akewo sanali oipa mtima, ndipo pa mwambo anali ndi mphamvu zomutenga mlongo wawo. Koma Mervis ankadziwanso bwino zimene zikachitike ku Khuyu, chifukwa iye mwini anazichitapo. Akamusambitsa, akamudyetsa, akamukonda ndi mtima wonse, ndipo sadzadzukanso pamphasa. Choipa kwambiri chinali chakuti Samson anamva zonse ndipo sanakane kutengedwa. Masiku otsalawo Mervis sanasinthe kalikonse, ngakhale mtima unkamuuza kuti amunyengerere ndi kumudyetsa kamodzi kokha. Supuni anaipereka m'dzanja lamanzere monga mwa masiku onse.

Loweruka mmawa a Nomsa anafika ndi amuna awiri a ku Khuyu, atanyamula mpando woti amukhazikepo popita naye ku boti. Anansi anayamba kusesa mabwalo amene anali atasesa kale. Mervis anawalandira alendowo, nawayalira mkeka, kenako analankhula mokweza kuti osesawo asavutike kutchera khutu.

“Alamu, ine sinikukanizani. Koma mwini wake ali apo, ndipo makutu ake ni abwinobwino. Mufunseni.”

A Nomsa analowa nagwada pafupi ndi bedi. “Samson, mlongo wanga, nabwera. Tiye kwathu ukapume.”

Samson anayang'ana mlongo wake, nayang'ana mpando umene amuna aja anaimika pakhomo. Mkazi wake sanamuyang'ane. Anagwira nsungwi ndi dzanja lamanzere, nadzikoka mpaka kuimirira. Amuna aja anasendera kuti amunyamule, koma iye anatulutsa mawu amodzi olemera, amene aliyense anawamva.

“Iyayi.”

Anakoka mwendo motsatira nsungwi mpaka pachitseko. Pamenepo ndi pamene ankathera masiku onse, chifukwa nsungwi inkathera pomwepo. Mervis anaganiza kuti akupita yekha kukakhala pampando uja. Samson anatambasula dzanja, natenga chidutswa cha nkhafi yothyoka chimene chinkatsamira khoma, nachiyesa ndodo. Anatsika pakhonde. Anaudutsa mpandowo osaucheukira, nakhotera kuseri kwa nyumba, kumene kuli chimbudzi chimene anakumba yekha koma anali asanapondemo chigwere.

Osesa aja anaima ndi matsache m'manja. Mtunda wake ndi waufupi, woti mwana amathamanga osapuma, koma Samson anauyenda ngati akuwoloka pamiyala yoterera, ndodo patsogolo, mwendo wabwino, kenako wofookawo ukukwekwereza fumbi. Pakati pa njira phazi linakodwa pamuzu wa mango. Anapendekeka, ndodo inagwedezeka, ndipo phewa lofooka lija linalendewera kutsogolo.

Mervis anaiwala buku, anaiwala zithunzi, anaiwala zonse zimene anapirira. Anadumpha kuti akamuwakhe. Koma sanapite patali, chifukwa dzanja lina linamugwira pamkono mwamphamvu mpaka kupweteka. Anali a Nomsa. Misozi inali ikutsika m'masaya mwawo, ndipo maso awo sanachoke pa mlongo wawo, amene anali atadzikhazikanso bwino ndipo ankasuntha ndodo kutsogolo.

“Musiyeni, alamu,” ananong'ona. “Musiyeni afike yekha.”