Batani la njovu la alamu Everisto

A Everisto ndi alamu anga, akulu awo a amuna anga. Anabadwira ku Kavalamanja, koma za bwato ndi ukonde sanazikonde. Atasiya sukulu giredi naini anayamba kukonza mafoni pamsika wa pa Boma la kwathu ku Luangwa, pakatebulo koyandikana ndi ogulitsa nsomba zouma. Kupanga ma apu, timapulogalamu ta m'foni, anaphunzira okha poonera mavidiyo.

Chaka chatha njovu zinavuta panjira yochoka kumudzi kwathu kupita kusukulu. Mwana wanga Thelma ali giredi wanu, ndipo njira ndi yomweyo basi. Alamu anatipangira apu ya batani limodzi lalikulu lojambulapo njovu. Amene waziona amadina, mafoni athu onse nkulira, nkuonetsa pamapu pamene zili.

Anaimaliza m'masabata awiri. Nditadabwa, anandiuza kuti batani, mapu ndi kulira kuja sanapange iwo. Zinapangidwa kale ndi anthu akunja, aliyense amatenga mwaulere, dzina lake ati fulemuweki. Iwo anangolumikiza, monga womanga nyumba amene watenga chitseko ndi mawindo kwa kalipentala.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinkayamba ndayang'ana foni, kenako nkumuveka Thelma yunifomu, mtima uli m'malo.

Mu Juni apu inakana. Ukatsegula, poyera pokhapokha. Ndinapita ku Boma nkupeza azimayi ena anayi atayala kale mafoni awo patebulo. Alamu anafotokoza kuti eni ake a fulemuweki anatseka mapu akale, ndipo atsopanowo amafuna mafoni atsopano. Athu ndi akale, ena tinagula ku Zumbo.

“Alamu, si munapanga ndinu? Itseguleni mkati monga mumachitira mafoni,” ndinatero.

“Amake Thelma, chitseko ndinaika ndine, koma mkati mwa loko sindinaonemo. Eni akewo ndawalembera katatu. Sadziwa nkomwe kuti kuli Luangwa.”

Amai Margarida, oyandikana nafe nyumba, anati ndiye alembere njovuzo, kapena izo ziyankha. Tinaseka pang'ono, alamu sanaseke. Anati kupanga zonse okha kungatenge chaka, ndipo sakudziwa ngati angathe. Mpaka lero makasitomala akachepa amakhala akuyesa. Azimayi ena analeka kuwapatsa moni.

Manje Thelma ndimamuperekeza ndekha, wamng'ono ali kumsana, dimba langa likuuma. Dzulo pakati panjira tinapeza ndowe za njovu zikadali zofunda. Ndinatulutsa foni mosaganiza, nkudina pamene pankakhala batani. Panalibe kanthu. Tinabwerera, ndikuuza pakamwa aliyense amene ndakumana naye.

Limenelo linali tsiku lakhumi ndi chimodzi Thelma kujomba kusukulu temu ino. Aticha anandiuza kale kuti zikapitirira, Thelma abwereza giredi wanu. Alamu sindinawauze.