Tsiku limene ndinameta bambo a Tawonga

"Amama, kodi ku Phwezi kwagwa maliro ndiye mwatibisira?"

Anandifunsa choncho ndi anyaMsiska, mayi wachikulire woyandikana naye nyumba kuno ku Rumphi. Linali Lachiwiri m'mawa, ine ndikuyanika matewera. Iwo anaima pampanda atanyamula kambale ka ufa kovundikira ndi nsalu, nkhope ili yachisoni kale.

Ndinati ayi, kumudzi kwa amuna anga onse ali bwino.

"Nanga bwanji ndaona bambo a Tawonga akutsikira kumsewu atameta mpala, mutu uli ngwee? Munthu uja kumeta! Ndati basi, kwatayika munthu wamkulu chomene."

Ndinaseka pang'ono chabe. Lumo limene linawameta linali likadali pawindo, ndipo wogwira lumolo ndinali ine.

Inu amene simuwadziwa bambo a Tawonga, ndikuuzeni pang'ono. Amuna anga ndi woimba. Nyimbo zimene amaimba amazitcha metulo. Ngati simunazimvepo, ganizirani chigayo chikugaya chimanga chosauma bwino, ng'oma zikugwa ngati matalala padenga la malata, ndiye pamwamba pa zonsezo munthu akubangula kuchokera pansi pa mimba. Sindikunyoza potchula chigayo. Iwo ndi anzawo awiri amayesereradi nyimbo zawo m'chigayo, Lamlungu masana chikatsekedwa, chifukwa ndi malo okhawo amene ali ndi magetsi amphamvu, komanso oyandikana nacho anazolowera kale phokoso.

Poimba nyimbozi amapukusa mutu, tsitsi n'kumauluka uku ndi uku. Ndiye tsitsi ndi gawo la ntchito yake. Lawo linali lopotana ngati zingwe, lofika m'chiuno. Ena ankawatcha Rasi, iwo n'kumakana mofatsa kuti zimenezo ndi zina.

Tisanakwatirane analumbira pamaso pa amayi awo kuti sadzameta mpaka nyimbozi zitayamba kuwadyetsa. Apongozi anga anangoti, "Ndiye tidzakugulira lichero lonyamuliramo tsitsilo." Tonse tinaseka. Papita zaka zisanu ndi ziwiri.

Ine nyimbozi sindinazikondepo, ndinene zoona. Ndinakulira ku Dowa pa nyimbo za kwaya ndi za pawailesi zovinika. Koma ndinakonda munthu wake. Munthu wobangula ngati mkango m'chigayo, kunyumba satha n'kukalipira nkhuku yomwe. Loweruka lililonse ndinkawatsuka tsitsi lija, mabeseni awiri a madzi, kenako n'kukhala padzuwa mpaka masana kuti liume, Tawonga, mwana wathu woyamba, atakwera kumsana akulikoka ngati zingwe za ngolo.

Tsono funso limene takhala nalo m'nyumba muno zaka zonsezi ndi ili: kodi munthu angadye metulo yokha, osagwira ntchito ina?

Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma izi sizifuna satifiketi. Tangoganizani nokha, kuno kwathu woimba amamulipira ndani? Amamulipira a ukwati. Amamulipira eni bala. Nthawi ya kampeni amamulipira andale. Kutchalitchi salipidwa, koma mwina amadyako ndi kupatsidwa thiransipoti. Onsewa akufuna chinthu chimodzi: nyimbo yoti anthu avine kapena apemphere. Metulo sivinika m'chiuno, ndipo akulu a mpingo akangomva kubangula kuja amayamba kufunafuna vesi.

Anayesapo pa ukwati wa msuweni wawo. Nthawi ya perekaniperekani, pamene anthu amavina akuponya ndalama, anawalola kuimba nyimbo imodzi. Azimayi amene anali atanyamuka kale ndi ndalama m'manja anaima chilili. Agogo ena anatuma munthu kuti akaone ngati jenereta yawonongeka. Nyimbo itatha anthu anawomba m'manja mwaulemu, mwina pothokoza kuti yatha. Titafika pakhomo amuna anga anati, "Koma ng'oma zinamveka bwino, eti?" Ndinati zinamveka bwino kwambiri.

Sikuti alibe owakonda. Alipo. Ana a sukulu ena a ku Livingstonia amatsika phiri lonse lija kudzawamvera m'chigayo. Ku Mzuzu akaimba, pamabwera kagulu kovala zakuda kamene kamadziwa mawu onse pamtima. Koma okonda akewo ndi ochepa, omwazikana, ndipo ambiri ndi ana amene ndalama ya sopo amapempha kwa makolo. Nyimbo amapatsirana pafoni ulere. Wodyapo ndi mnyamata wa pamsika woika nyimbo m'memore khadi, osati woimba. Kuli azungu ena kutali amene amawatumizira timitima pafoni. Timitimato ndi tokoma, ine ndimawaona akumwetulira akatilandira, koma kuchipatala sungapite nato.

Ulendo uliwonse wa ku Mzuzu, sipika yaikulu imalipiridwa mpando wakewake m'minibasi. Akabwerako amabwera ndi buledi mmodzi ndi mawu osasa.

Ndiye zaka zonsezi tadya chiyani? Tadya manja awo. Chifukwa chokonzakonza okha zipangizo zoimbira zikafa, anaphunzira zamagetsi. Mawailesi, masola, matochi, mafoni ogwera m'madzi, zonse anthu amabweretsa pakhonde pathu. Ine ndimagulitsa tomato ndi mandasi. Koma iwo zimenezi sankaziwerengera kuti ndi ntchito. Ankati ndi zongodikirira, ntchito yeniyeni ikubwera.

Sabata yathayi sukulu ina ya mishoni inafuna munthu wosamalira zamagetsi, ntchito ya pamwezi. Mkulu wina wa mpingo amene amawadziwa kuyambira ali mwana anabwera yekha kunyumba. Sanawanyoze. Anati, "Mwana wanga, manja ako tikuwafuna. Koma makolo akabwera kudzaona ana awo n'kukupeza pamakwerero ndi mutu umenewu, ine ndikayankha chiyani? Uganize. Ntchito ikuyamba Lachiwiri la sabata yamawa."

Mwana wachiwiri ali kumsana, wa miyezi inayi, ndipo nyengo ya dzinja yatha ija denga linatidonthera pamphasa. Zonsezi amaziona okha. Mwamuna ukamukankha pa chinthu chotere, amadzakuda nacho mpaka ukalamba. Ndinangodikira.

Lolemba masana anatulutsa mpando n'kuuika pansi pa mtengo wa mango. Anandipatsa sizasi ndi lumo latsopano.

Ndinati, "Bwanji osapita kwa ometa kumsika?"

"Kuti anyamata aja akandijambule pafoni? Umete ndiwe, amake Tawonga. Ndiwe unkalitsuka."

Sizasi wathu ndi wodulira nsalu, ndipo tsitsi lopotana ndi lolimba kuposa mmene mungaganizire. Chingwe chilichonse ndinkachita kulimbana nacho. Ndinkaziwerenga chamumtima. Zinakwana makumi anayi ndi zitatu. Iwo maso anali pa nyerere zimene zimadutsa pafupi ndi phazi lawo. Nditafika pa lumo ndinaona kuti kuseri kwa khutu lakumanzere ali ndi chipsera chimene sindinachionepo chikwatirane. Ndinafunsa. Anati anagwa mumtengo wa magwafa ali Sitandade 3. Zaka zisanu m'banja, ana awiri, ine osadziwa mutu wa amuna anga.

Tawonga anali kosewera. Atabwera n'kupeza bambo wachilendo atakhala pampando wa adadi ake, anathawira kuseri kwa chitenje changa n'kuyamba kulira. Anamuitana, anakana. Anamuonetsa manja, anakana.

Kenako amuna anga anaweramira pansi n'kubangula pang'onopang'ono, kubangula kwa m'chigayo kuja koma kofewa, monga amachitira pomuseweretsa posamba. Mwana anasuzumira. Bambo ake anabangulanso. Tawonga anathamanga n'kukawagwira mutu ndi manja onse awiri, akuti, "Adadi, mutu wanu ukuzizira!"

Mawu amene sanagulepo ngakhale thumba limodzi la feteleza ndi amene mwana anazindikirira bambo ake.

Tsitsi salitaya pamtetete, inu mukudziwa. Ndinalikulunga m'pepala n'kukalikwirira pansi pa nthochi kuseri kwa nyumba. Pobwera ndinawapeza atatulutsa sipika ndi gitala, akuzipukuta. Anati a kwaya ina ya ku Bolero akhala akuzifuna, abwera kudzatenga zonse.

Ndinati, "Sipika ipite. Mukufunika nsapato ndi malaya a kuntchito, ndipo imatidyera malo. Koma gitala sichoka m'nyumba muno."

"Ya chiyaninso? Ndinalumbira, ndalephera. Zatha."

"Munalumbira za tsitsi. Za gitala ine sindinamve."

"Iwe nyimbo zimenezi suzikonda n'komwe."

"Sindizikonda. Koma ndimadziwa mmene mumabwerera kuchigayo Lamlungu. Mumabwera muli woyera ndi ufa, mukuseka, mumanyamula ana onse awiri nthawi imodzi. Munthu ameneyo ndikumufuna. Mukagulitsa gitala, mwamugulitsa pamodzi."

A kwaya atabwera ananyamula sipika yokha.

Apa ndi pamene ndikufuna tiyankhulane, owerenga anzanga, makamaka inu amene muli ndi woimba m'nyumba, kaya ndi mwamuna, kaya mlongo, kaya mwana. Yankho la funso lija ine ndalipeza ndi sizasi m'manja: kuno kwathu, pakadali pano, metulo yokha sidyetsa banja. Mwina kumaiko kumene okonda ake ndi ambiri alipo amene amadya, ine sindinafikeko. Kuno ayi. Amene angamuuze mwana wanu zosiyana ndi zimenezi akumunamiza.

Koma n'chifukwa chiyani timafuna kuti chinthu chikapanda kudyetsa munthu ndiye chife? Amayi a kwaya amayeserera katatu pa sabata, ndani anawafunsapo kuti kwayayo yawagulira malata angati? Anyamata a mpira wa m'mudzi amathyoka miyendo chifukwa cha chikho cha pulasitiki, timawaimbira nthungululu. Abambo a bawo amatha tsiku lonse pansi pa mtengo, timangoti akupumula. Koma woimba nyimbo zachilendo kwa ife timamuikira malire: kaya ulemere nazo, kaya uzisiye. Timamufunsa pamaliro, timamufunsa paukwati, "Nanga zija zayamba kulipira?" mpaka nayenso amayamba kukhulupirira kuti popanda ndalama nyimbo zake ndi manyazi. Lumbiro la amuna anga silinachokere kumwamba. Linachokera ku mafunso athu omwewa.

Nanunso oimba, ndikupempheni. Kugwira ntchito ina si kugonja. Mphunzitsi wochokera ku Zomba amene amawaimbira ng'oma amaphunzitsa masamu sabata yonse atavala tayi, ndipo Lamlungu ng'oma zake sizidziwa kuti anavala tayi. Musadikire kuti ana agone ndi njala kuti muoneke okhulupirika ku nyimbo. Ndipo musalumbire pa zinthu zimene mkazi wanu adzachite kudula ndi sizasi wa nsalu.

Zonsezi ndinawafotokozera anyaMsiska mwachidule pampanda paja, matewera akudontha m'manja. Ndinawabwezera kambale kawo ka ufa. Anakana kulandira.

"Tengani. Maliro kulibe, yewo, tathokoza Mulungu. Koma munthuyo walira ndithu, ndamuona kayendedwe. Ndipo inu a ku Dowa mwina kwanu n'chimodzimodzi: kuno sitimeta tsiku limene munthu watisiya. Timameta pomaliza, kuti olira adzuke abwerere kumunda."

Atatembenuka kuti azipita anaimanso. "Nanga Lamlungu kuchigayo kukhala zii? Ine phokoso lija ndi limene limandiuza kuti nthawi yotsekera mbuzi yakwana."

Ndinati sindikudziwa. Mpaka lero sindikudziwa. Sipika kulibe, ndipo yobwereka sinapezeke. Gitala ili pamsomali pamwamba pa bedi. Lachinayi amuna anga atabwerako kuntchito ndinawaona akuiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitsitsa n'kuikhudza pang'ono osailumikiza ku magetsi. Imalira motsitsa ngati udzudzu. Wakhanda anagona akuimvera. Bambo ake akamaimba amapukusabe mutu mwachizolowezi, ndiye amadzidzimuka poona kuti palibe chimene chikuuluka.

Ine ndine munthu wa pamsika, madzulo ndimafuna kudziwa chimene chatsala m'dengu ndi chimene chapita. Zimene zapita sabata ino ndi izi: zingwe za tsitsi makumi anayi ndi zitatu, za zaka zisanu ndi ziwiri. Sipika imodzi. Lumbiro limodzi. Ndi ma Loweruka anga onse a mabeseni awiri a madzi, amene sindinkadziwa kuti ndidzawasowa.