Mtsamiro wa Adada

Ndinadzuka kunja kudakali mdima, msana ukuwawa chifukwa chogona chokhala. M'nyumba amayi a kumpingo anali akuimbabe, koma mawu anali atasasa, nyimbo ikungokwawa. Adada anali m'bokosi pakati pa balaza. Amama anali atakhala kumutu kwawo, osalira, osayankhula.

Ndinatuluka kukasonkha moto. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndiye nkhuni zonse zinali zonyowa. Utsi wake, amayi inu! Tinkalira misozi iwiri, ya maliro ndi ya utsi. Azibambo anali atapha kale ng'ombe kuseri kwa khola, ndipo m'bandakucha nyama inali ili pamoto m'migolo yodula pakati.

Ndiyambe ndafotokoza za mtsamiro, chifukwa tsiku lonse linathera pa iwo. Unali wamtengo wakuda, wosemedwa ngati ng'ombe yamphongo, msana wake wosalala ndi mafuta a mitu ya anthu. Nyanga imodzi inali yobenthuka kunsonga. Mwini wake, amenenso anausema, anali agogo, bambo awo a adada. Pabanja pathu mwamuna amapita m'manda ndi mtsamiro wake, koma agogo anafera kumigodi ku Joni ndipo anaikidwa komweko, mtsamiro n'kutsala kuno. Adada anagonera pamenepo moyo wawo wonse, pilo ankati ndi wa odwala. Mawu awo anali amodzi, ndipo mudzi wonse unkawadziwa: "Ndikafa mudzandiike nawo, kuti ine ndi adada anga tikagone tonse."

Dzuwa silinatuluke bwino tsiku limenelo, koma anthu anabwera. Ena pa njinga kuchokera ku Manyamula, matope mpaka m'mawondo. Abale a ku Chikangawa anatsika pa lole ya matabwa. Anzawo a adada ogulitsa nawo fodya anachokera ku Jenda atavala majekete onunkha m'sutikesi. Kenaka anafika madoda ovina ingoma ndi zishango zawo, akupondaponda pansi mpaka makapu kugwedezeka pathebulo.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankandinyansa: mlongo wanga wamkulu wamwamuna, amene amakhala ku Joni. Anafika dzulo lake, nagula bokosi labwino ku boma, anthu n'kumuyamika. Koma chifikireni maso ali pa foni. Anthu akumupepesa, iye chala pa foni. Abusa akupemphera, iye wasuzumira m'thumba. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinamukoka jekete n'kumunong'oneza kuti, "Adumbu, ulemu pang'ono. Agona apawa ndi abambo anu." Anangondiyang'ana ndi maso ofiira.

Masana mwambo wa pakhomo utatha tinanyamuka kupita kumanda. Kutsogolo kunali ankhazi, mlongo wawo wa adada, atavala bulauzi yoyera ya kumpingo. Iwo ndiwo ananyamula mtsamiro, ataufungata pachifuwa ngati khanda. Pambuyo pawo bokosi, kenaka ife, kenaka a ingoma ndi khwimbi lonse.

Tili pakati pa minda ya chimanga mvula inayamba. Poyamba inali yowaza, kenaka inatsanuka zenizeni. Palibe anathawa. Tinafika kumanda zitenje zitamatirira m'miyendo, ndipo adzukulu anatsitsa bokosi msangamsanga madzi asanadzaze dzenje.

Itakwana nthawi yoika mtsamiro kumutu, ankhazi anauchotsa pachifuwa kuti aupereke. Apo ndi pamene nyimbo inadukira pakati.

Bulauzi yawo yonse inali bii, ngati akumbatira mphika. Manja awo bii. Madzi akuda ankayenderera kuchokera pa ng'ombe ija, ndipo pamsana pake panaoneka mtengo woyera mbee. Paini! Paini weniweni, wonga amene amachekedwa ku Chikangawa. Ine ndinali pafupi, ndipo fungo la polishi wa nsapato ndinalimva ndithu.

"Ichi ntchivichi?" anakuwa ankhazi. "Si wa adada uwu! Wa adada uli kuti?"

Ndinayang'ana nyanga, n'kuona kuti ndi yobenthukadi, koma chobenthula ndi mpeni, mwadala. Munthu wina anakhala pansi, naonetsetsa weniweni uja, nasema wabodza. Anthu anayamba kung'ung'udza. Madoda ena ankati maliro aime mpaka mtsamiro upezeke, ena ankati madzi akulowa m'manda. Abusa anangogwira Baibulo lawo pansi pa ambulera.

Amene anadula nkhani ndi amama. Chimwalirireni adada anali asanatulutse mawu pagulu, koma apa anayankhula momveka.

"Ikani womwewo."

"Alamu, mukuona bwino koma?" anatero ankhazi.

"Ndikuona. Mbwenu ikani."

Anauika. Dothi linayamba kugwa pabokosi, ndipo ine m'malo molira ndinkangopsa mtima. Adada anapempha chinthu chimodzi chokha padziko lino, ndipo ife tawagoneka pa thabwa lopaka polishi.

Pobwerera ndinaona mlongo wanga akupatuka kulowera kuseri kwa khola, foni ili m'manja. Ndinamutsatira. Sindinafunse kanthu, ndinangoitsomphola.

Mtsamiro unali pamenepo, pachithunzi cha pa foni. Wathu weniweni, wakuda, nyanga yake yobenthuka, ataujambula pansalu yoyera ngati mkwatibwi. Pambali pake panali zithunzi za ndolo zakale, mawotchi ndi mbale za azungu. Pansi pake panalembedwa m'Chingerezi kuti ndi wa Angoni a ku Malawi, wosema wake sadziwika. Sadziwika! Agogo anga, amene dzina lawo analipatsa mlongo wangayu.

"N'chiyani ichi?"

"Okushoni," anatero. "Monga wa fodya uja, koma wa zinthu zakale. Anthu akupikisana mitengo pa foni. Akutseka lero."

Anaulula yekha, mvula ikumuchucha kumaso. Anautenga pa Khirisimasi ya chaka chatha, ntchito itamuthera. Bambo wina wa ku Joni wogula zakale ndiye anamunyengerera, n'kumuuzanso nzeru yosiya wina m'malo mwake. Iye ankaganiza kuti adada, poti maso anali atachita khungu, sadzazindikira, ndipo akadzapeza bwino adzauwombola. Atamva za imfa anathamangira kwa bambo uja, n'kupeza kuti unapita kale ku okushoni.

"Chichokereni ku Joni ndakhala ndikupikisana nawo kuti ndiugulenso," anatero. "Ndikakweza, wina akweza. Pano ngakhale titagulitsa khola lonseli sitingaufike."

Tikuyang'ana choncho, chithunzi chinasintha, panabwera mawu ofiira akuti wagulidwa. Wogula sanamulembe. Mlongo wanga anakhala pansi m'ndowe momwemo, ndi suti yake. Ndinaponya foni pamiyendo pake n'kuchoka.

Madzulo anthu akutali anali atapita. Ankhazi anakana kudya, anakagona kwa achibale ena. Panja panatsala migolo yosatsuka ndi mabenchi a kutchalitchi. M'balaza munali zii, pakati pali malo opanda kanthu pomwe panali bokosi. Ndinapeza amama kuchipinda, atakhala pamphasa ya adada.

"Amama, mwana wanu ndiye anaba mtsamiro," ndinatero. "Adada apita osadziwa kuti akugonera chinyengo. Zikundiwawa chomene."

Amama anapukusa mutu.

"Osadziwa? Munthu wagonera chinthu kuyambira ali mnyamata, angalephere kuchidziwa ndi khosi lake? Anadziwa usiku woyamba womwe."

"Nanga bwanji sananene?"

"Anati akanena, abale amutemberera mwanayo, ndipo sadzapondanso pakhomo pano. Anati bola kutaya mtengo kusiyana ndi kutaya mwana." Kenaka anapitiriza. "Utoto wa wosema uja unasuluka mwezi usanathe. Polishi amene wadetsa ankhazi akoyo ankapaka ndi abambo ako, okha, chopapasa, atasakaniza ndi mwaye. Loweruka lililonse ankandiuza nditseke chitseko, n'kumandifunsa kuti, 'Kodi pali poyera pomwe patsala?'"