Fulashi Yomwe Ndinasungitsa kwa Achemwali

Ine sindikhulupirira munthu msanga, ndipo kale sindinkachita nazo manyazi. Wogulitsa tomato akandiikira wapulayizi, ndimayamba ndamutembenuza kuti ndione pomwe wawola. Kondakitala akandimwetulira, dzanja langa limathamangira pachikwama. Ntchito yanga inangowonjezera matendawa. Ndili ndi kashopu ku Area 23 komwe ndimataipa makalata, kupulinta ndi kuikira anthu nyimbo m'mafoni, ndipo ndaonapo azibambo amataye akundinong'oneza kuti ndiwachepetsere zaka pachikalata.

Bambo athu atayamba kufooka, anatiitana awiri, ine ndi achemwali anga aakulu, kunyumba kwawo ku Kawale. Amayi anali atatisiya kalekale. Poloti imeneyo Bambo anaipeza atangobwera kuchokera ku Ntcheu. Kutsogolo kuli nyumba yaikulu momwe ankakhala ndi achemwali pamodzi ndi alamu, amuna awo. Kuseri kuli kanyumba ka zipinda ziwiri komwe ankaikamo alendi. Ine ndinali pa lendi ndi ana anga awiri, banja litatha, ndipo kanyumba kameneko ndinkakayang'ana ndi diso lanjala.

Bambo atakhala pakhonde n'kunena kuti akufuna kutisiyira mawu, ndinatulutsa foni.

"Iwe, ukufuna kuwajambula Bambo ngati uli kupolisi?" anatero achemwali. "Makutu tilibe?"

"Makutu amaiwala, achemwali," ndinayankha.

Bambo anaseka n'kuti ndijambule. Ananena kuti poloti isagulitsidwe, nyumba yaikulu ndi ya achemwali, ya kuseri ndi yanga ndi ana anga. Analankhula nthawi yaitali, akutsokomola, akupatuka kukamba za mpanda ndi za anthu omwe anamwalira ife tili akhanda. Pomaliza anati vidiyoyo isungidwe ndi wamkulu, chifukwa kwathu zinthu zimasungidwa ndi wamkulu. Ndinavomera pakamwa pokha.

Mawa lake kushopu ndinatenga fulashi yatsopano, kachipangizo kosungiramo zinthu zapakompyuta kaja. Ndinali nditagula ziwiri kwa wamalonda wina kudepoti, zotchipa, zolembedwa kuti n'zazikulu zedi. Ndinayamba kuikamo zithunzi zonse zapabanja pathu, kenako nyimbo zakwaya zomwe Bambo ankakonda, ndipo pomaliza vidiyo ija kuchokera m'foni. Kompyuta inati yamaliza. Poti ndine uja, sindinaikhulupirire. Ndinatsegula vidiyoyo pafulashi pomwepo, ikadali yobaya, n'kuonera kuyambira poyamba mpaka pomwe Bambo anati, "Basi, zimitsa." Nditakhutira, ndinaifufuta m'foni popeza foniyo inkangolira malo, ndipo madzulo ake ndinakapereka fulashi kwa achemwali. Foni imeneyo anadzandibera m'minibasi patapita miyezi ingapo.

Bambo anamwalira mvula isanayambe. Tinalira, tinameta, moyo n'kupitirira. Alendi a kuseri anapempha kuti akhaleko mpaka mwana wawo amalize sukulu, ine ndinalola. Koma atangotuluka, alamu anayamba kuyankhula zogumula kanyumbako kuti amangepo mashopu. Tsiku lina ndinawapeza ali ndi tepi, akuyeza khoma langa, khoma langa lenileni, akuimba kamluzu. Sindinakangane nawo. Ndinaimbira amalume ku Ntcheu kuti abwere.

Tinakhala pabalaza Loweruka masana. Ndinabwera ndi laputopu, mtima uli m'malo. Achemwali anatulutsa fulashi, ine n'kuibaya. Zithunzi zinatseguka. Nyimbo zinalira. Dzina la vidiyo linalipo, kukula kwake kunalembedwa bwinobwino, koma nditadina, kompyuta inati fayiloyo ndi yowonongeka. Ndinadinanso kanayi. Alamu anakonza kukhosi n'kuyang'ana kudenga.

Zinthu zonse zili bwino, chowonongeka n'chimodzi chokha, ndipo chimodzicho ndi chomwe chinkawatsekereza mashopu awo. Ndinatembenukira kwa achemwali.

"Achemwali, mwawafufuta Bambo," ndinatero pamaso pa amalume.

"Ine? Kompyuta ndimaidziwira kuti ine?"

"Amuna anu ali ndi anzawo odziwa. Paja tsiku lija simunkafuna n'komwe kuti ndijambule."

Achemwali anandiyang'ana kukamwa kuli yasa, misozi n'kuyamba kutsika, ine mumtima n'kumati misozi yakuba imeneyo. Amalume anatiletsa. Anati abweranso pakatha masabata awiri, aliyense akhale ataziziritsa mutu. Ndinazula fulashi n'kuiponya m'chikwama changa, osatsanzika.

Masiku otsatira ndinali wapolisi wosalembedwa ntchito. Ndinkakumbukira chilichonse n'kuchipezera tanthauzo. Achemwali anachedwa kuchipinda potenga fulashi ija: ankatani? Alamu anagulira amalume chakumwa: chinali cha chiyani? Ngakhale nkhuku yomwe anandipatsa pa Khirisimasi ndinaiona kuti inali yonditseka pakamwa. Ana anga ndinawaletsa kupita ku Kawale. Ndinkataipa makalata a anthu uku ndikutafuna mano.

Ku Biwi, pakati pa magalaja ndi ogulitsa zitsulo zagalimoto, kuli bambo wina wachikulire wokonza makompyuta, yemwe amandikonzera pulinta ikavuta. Ndinapita kwa iyeyo. Sindinkafuna vidiyo yokha ayi, ndinkafuna umboni woti ndikawaike achemwali pakona.

"Sisi, khalani pansi kaye," anatero nditamukhuthulira nkhani yonse. "Mukuwira ngati redieta."

Anandifotokozera kuti mkati mwa kompyuta muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo, ndipo ndi yokhayo yomwe imalankhula ndi zipangizo, kaya fulashi, pulinta kapena kiyibodi. Munthu ukadina fayilo, sukhudza fulashi iweyo. Umapempha kenelo, iyo imayang'ana mndandanda wa mayina womwe umakhala koyambirira kwa fulashi, n'kupita pamalo pomwe mndandandawo waloza. Koma anati pali khomo lina, lomwe mwini kompyuta yekha ndiye amaloledwa kutsegula. Umauza kenelo kuti isiye za mayina, ingokupatsa zomwe zili m'chipangizocho momwe zilili, zaziwisi, kuyambira kachigawo koyamba mpaka komaliza.

"Munthu akadilita, nthawi zambiri amangochotsa dzina pamndandanda," anatero. "Katundu amakhala alipo mpaka wina adzalembe pamwamba. Ndiye ngati alamu anuwo anagwiramo, tiona mapazi awo."

Ndinasendeza mpando. Anayamba wakopera fulashi yonse kudzera pakhomo limenelo kuti tisaononge kanthu, ndipo zinatenga nthawi moti ndinadya chinangwa chokazinga kawiri. Kenako anatsegula zomwe anakoperazo. Pasikirini panadzaza manambala ndi zilembo zosokonekera, iye n'kumandilozera kuti apa ndi pomwe chithunzi chayambira, apa ndi nyimbo. Anatsika, anatsika. Mwadzidzidzi zilembo zinatha, kunangotsala maziro, 0 pambuyo pa 0. Pamalo pomwe mndandanda unkati pali vidiyo ya Bambo panali maziro okhaokha, ndipo anapitirira choncho mpaka kumapeto kwa fulashi.

"Mwaona!" ndinakuwa. "Apukuta dala!"

Iye sanasangalale nane. Anakanda chibwano n'kunena kuti wopukuta vidiyo imodzi sangavutike kupukuta mpaka kumapeto, n'kusiya dzina lili poyera. Kenako anafunsa komwe ndinagula fulashiyo. Funso limenelo linandinyansa. Nditamuuza, anafunsa ngati inzake ija ikadalipo. Inali m'dirowa kushopu, yosagwiritsidwapo ntchito.

Ndinabwera nayo mawa lake. Kudzera pakhomo lomwe lija, anauza kenelo kuti ilembe nambala m'kachigawo kalikonse ka fulashi yachiwiriyo, koyamba wani, kachiwiri thu, mpaka kumapeto. Fulashi inalandira zonse osadandaula. Anaizula, anaibayanso, n'kuwerenga. Manambala oyambirira anabwerera bwinobwino. Titangodutsa kagawo kakang'ono, maziro anayamba, pafupifupi pamalo pomwe anayambira pa ya Bambo paja.

"Fulashi zanuzi ndi zabodza, sisi," anatero. "Mkati ndi kakang'ono, koma anakaphunzitsa kunena kuti ndi kakakulu. Mukakabaya, kenelo imakafunsa kukula kwake, n'kukhulupirira. Ikakapatsa katundu, kamayankha kuti ndalandira, pomwe kakutaya. Zithunzi ndi nyimbo zinadzaza malo enieniwo. Vidiyo ija sinalowemo n'komwe."

"Bodza!" ndinatero. "Ndinaionera ndekha, pafulashi pomwepo, mpaka kumapeto."

"Munali mutaizula kaye?"

Ndinakumbukira kuti sindinaizule. Anandiuza mofatsa kuti kenelo ikamalemba chinthu, imasungako kope kwakanthawi m'kati mwa kompyuta momwemo kuti ntchito izifulumira. Ukapempha chinthu chomwecho nthawi yomweyo, siivutika kupita kufulashi, imangokupatsa chomwe ili nacho m'manja. Bambo amene ndinawaonera tsiku lija anali m'kompyuta yanga, ndipo anachoka nditangozula fulashi. Ndikanaizula n'kuibayanso, ndikanadziwa pomwepo, vidiyo ikadali m'foni, Bambo akadali pakhonde pawo.

Musaganize kuti ndinagonja. M'minibasi pobwerera ndinayamba kumukayikira iyeyo. Alamu amagula zitsulo ku Biwi komweko, akanalephera bwanji kudutsirapo? Mwamwayi bambo wokonza makompyuta uja anali atandilembera papepala zoti nditaipe. Nditafika kushopu ndinatseka chitseko, makasitomala akugogoda, n'kuyesa ndekha pakompyuta yanga, pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo. Manambala anabwera, kenako maziro. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wina woti ndimuloze chala, koma m'shopumo ndinalimo ndekha.

Chomwe ndinaganiza pambuyo pake ndi chomwe chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Ndinaona kuti ndikhoza kukhala chete. Amalume ankaoneka kuti andikhulupirira, ndipo achemwali akanakhala ndi mlandu wofufuta, kanyumba kakanagwera kwa ine mosavuta. Ndikanena zoona, ndiye kuti ndilibe umboni, ndilibe nyumba, ndatsala ndi pakamwa panga pokha. Ndinayenda nalo ganizo limenelo masiku anayi, ndipo linkandikomera. Chinandilepheretsa si ubwino wanga ayi. Mwana wanga wamkazi anandifunsa ngati n'zoona kuti amayi ake aakulu ndi akuba, ndipo pakamwa panga panakana kunena kuti inde.

Amalume atabweranso, tinakhala pabalaza pomwe paja. Achemwali anali ataonda. Ndinaika mafulashi awiri patebulo n'kufotokoza zonse: kuti palibe anafufuta kanthu, kuti ndinagula chinthu chabodza, kuti ndinafufuta ndekha vidiyo m'foni. Za kenelo amalume sanamvepo kanthu, koma mutu wa nkhani anaumva.

Alamu ndiwo anayamba kuyankha, nkhope itawala. "Ndiye kuti umboni palibe, eti amalume?"

"Ulipo," anatero achemwali. "Ndinalipo ine."

Anakhala tsonga n'kuyamba kunena mawu a Bambo. Sanadumphe kalikonse. Poloti isagulitsidwe. Nyumba yaikulu ndi ya wamkulu. Ya kuseri ndi ya wamng'ono ndi ana ake, ndipo asadzamuvutitse munthu. Ananena ndi za mpanda zomwe, ndi mayina a anthu akale aja, mwa ndondomeko yomwe Bambo anawatchulira. Ine mawu akuti asadzamuvutitse munthu ndinali nditawaiwala. Alamu anadzuka n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. Amalume anati nkhani yatha.

Ndinagwada pamaso pa achemwali ndikulira, n'kuwagwira mwendo. Ndinapepesa ndi mawu onse omwe ndinali nawo. Iwo anadikira mpaka nditamaliza, kenako analowa kuchipinda n'kubwera ndi makiyi awiri omangidwa pakachingwe.

"Nyumba ndi yako, Bambo ananena," anatero. "Koma unanditcha wakuba pamaso pa amalume, ndipo unakhulupirira makina usanandikhulupirire ine. Ukafuna mchere, uzituma ana."

Ndinasamukira ku Kawale mwezi womwewo. Kuchokera pakhomo panga kufika pakhomo pawo ndi mapazi ochepa, ndipo timatunga pampopi umodzi. Ana anga amalowa m'nyumba yaikulu, amadya, amaonera wailesi yakanema, nthawi zina amagona komweko. Ine m'mawa uliwonse ndikakumana nawo pampopi ndimati, "Mwadzuka bwanji, achemwali?" Iwo amati, "Ndadzuka bwino, kaya inu," n'kunyamula ndowa yawo. Chibadwire changa ankanditchula kuti iwe.