Mayi Wokolopa Amene Ankamva Chilomwe

Nditamaliza sukulu ya udokotala, ananditumiza ku chipatala china cha mishoni ku Phalombe kuti ndikazolowere ntchito pansi pa dokotala wamkulu. Zinali zaka zoyambirira za matipate. Kwathu ndi ku Kasungu, ndipo Chilomwe sindinkamva ngakhale liwu limodzi. Sindinkada nazo nkhawa, poti odwala ankangoti "inde" pa chilichonse chomwe ndanena.

Tsiku lina ndinatulutsa bambo wachikulire wa ku Nazombe. Ndinawapatsa mapilitsi a masabata awiri, n'kuwafotokozera kamwedwe kake. Patangopita masiku atatu achibale anabwera nawo bambowo panjinga ali lefu, mapilitsi onse atatha. Ndinawafunsa kangapo koma ankangoyang'ana pansi. Mayi wina amene ankakolopa muwodimo anatsamiritsa mopu kukhoma, n'kugwada pambali pa bedi, n'kuyamba kulankhula nawo m'Chilomwe. Bambo aja anamasuka, analankhula nthawi yaitali.

"Adokotala," anatero mayiwo, "akuti pa zonse munanena zija anangotolapo mawu akuti 'mumalize onse'. Ndiye anamaliza."

Bambowo anachira, koma ine mtima sunakhale pansi. Ndinapita kwa dokotala wamkulu, munthu wofatsa amene anali atakhalitsa pachipatalapo, n'kuwapempha kuti mayi aja azikhalapo tikamatulutsa odwala achikulire, azitanthauzira za mankhwala. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Lembani," anatero. "Za pakamwa sitikambirana kumsonkhano."

Ndinalemba masamba awiri. Anandibwezera atalemba funso limodzi m'munsi: chinsinsi cha wodwala adzasunga ndani? Ndinakwiya, ndinkaona ngati akungondizemba. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti akunena zoona. Mayiwo ankakhala ku Mkhumba, ndipo ena mwa odwalawo ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Ndinalembanso, n'kuwonjezera kuti wodwala azifunsidwa kaye ngati akufuna, ndiponso namwino azikhalapo.

Kumsonkhano, mkulu wa anamwino anafunsa kuti wodi azikolopa ndani mayiwo akamatanthauzira. Nkhaniyo anaiimitsa kaye.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mayi eni akewo ndinali ndisanawafunse. Nditawauza, anaseka mwamanyazi.

"Anzanga adzati ndadzikweza. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5."

"Koma mumathandiza kale," ndinatero.

"Ndimathandiza mobisa. Mobisa palibe amandinena."

Ndinangozisiya, ndinkati zathera pomwepo.

Patapita milungu ingapo, dokotala wamkulu ankatulutsa gogo wina wodwala shuga. Atamaliza kufotokoza, gogoyo anati "inde". Dokotala anaima kaye, kenako anaitana mayi aja n'kuwapempha mwaulemu kuti afunse gogoyo zomwe wamva. Zinapezeka kuti gogo ankaganiza kuti akauzidwa kusiya shuga ndiye kuti tiyi yekha, koma nzimbe ndi thobwa lotsekemera palibe vuto. Dokotala sanandiyang'ane. Anangoti, "Mubwere nalo pepala lija mawa."

Anatilola mwezi umodzi, muwodi ya amuna yokha. Mkulu wa anamwino anasintha nthawi yokolopa kuti izikhala m'mawa, odwala asanayambe kutuluka. Iwo omwewo ndi amene anakhala pansi ndi mayiwo n'kuwalangiza za kusunga chinsinsi, kenako anakauza okolopa anzawo kuti imeneyi ndi ntchito ya chipatala, si kudzikweza.

Sizinayende bwino zonse. Abambo ena ankakana kunena matenda awo pamaso pa mayi wakumudzi kwawo, ndipo tinkawalemekeza. Koma mwezi utatha palibe ananena zoleka.

Chaka changa chitatha anandisamutsira ku chipatala china. Tsiku lonyamuka mayiwo anandipatsa mpunga wa m'munda mwawo, atamanga m'kansalu. Pambuyo pake mnzanga wina anandilembera kalata kuti mayi aja anawachotsa kokolopa, tsopano amakhala pawindo loperekera mankhwala.