Ndowa Yanga Pamzere wa ku Yunivesite

Ndili pageti la yunivesite ija imatenga ana ochepa, kumene mwana wanga Tadala akufuna kukaphunzira udokotala. Koma getilo laima pamjigo wathu, ndipo amayi tandandalika ndowa pamzere monga timachitira madzi akavuta. M'ndowa iliyonse muli mwana wa Fomu 4. Tadala wachepa ngati mwanapiye, ali mu yunifolomu, akuwerenga osadzutsa mutu.

Mayi wina wa nsapato zazitali akukankha ndowa yanga ndi phazi kuti aikepo yake yonyezimira.

"Pepani amayi, ndowa ya mnzako sasuntha," ndikutero. "Ndinaika pano mwanayu akuyamba Fomu 1."

Mlonda wapageti akuseka. "Malo atsala ochepa, mayi. Komanso yanuyi ikudontha."

Zoonadi, zilembo zikutuluka kunsi kwa ndowa ngati nyerere. Ndikumata bowolo ndi sopo, ndikusenza ndowayo, ndikupemphera mokweza. Tadala akukula pamutu panga, miyendo yake yafika m'mapewa mwanga.

"Amayi, nditsitseni, mutopa."

"Iwe werenga, khosi ndi langa."

Ndadzuka geti lisanatseguke, khosi likuwawa, koma mtima uli m'malo. Ambuye alemekezeke. Lero mbale nditsuka ndekha, Tadala awerenge.